Kodi azungu nawonso amalimbirana ufumu?

Funso: Akonzi, ndine mphunzitsi kuno ku Nkhotakota. Kodi kulimbirana ufumu n'kwathu kokha?

Yankho: Ayi aphunzitsi, ku Germany akulimbirana ngakhale mpandowo kulibenso! Ufumu wa Saxony unatha mu 1918. Mkulu wa banja lachifumu la kumeneko, Maria Emanuel, anamwalira mu 2012 wopanda mwana, atasankha Alexander, mwana wa mlongo wake, yemwe anakulira ku Mexico. Kwa ife Achewa apa palibe mlandu, wolowa ufumu wa malume ndi ameneyo. Koma iwo amatsata kuchimuna. Albert, mng'ono wa malemuyo, anakanitsitsa. Naye atamwalira chaka chomwecho, nkhani anaitenga ndi Rüdiger, wachibale wawo wa kuchimuna, yemwe ena ankamukana poti mayi ake sanali achifumu.