Mafunso Anu: Kodi tiyambe ndi Python tsiku loyamba?

Funso: Ndapatsidwa kalasi ya ophunzira a chaka choyamba omwe anakhoza bwino kwambiri, kuti ndiwaphunzitse chiyambi cha sayansi ya makompyuta. Onse akufuna kulemba Python, chiyankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, tsiku loyamba lomwelo. Ndiwalole? — Mphunzitsi watsopano

Yankho: Aphunzitsi, sabata yoyamba makompyuta akhale otseka kaye. Mwana wanzeru amathamangira kulemba pulogalamu asanalimvetse vuto, ndipo ikakana amangosintha apa ndi apo mwachimbulimbuli. Ayambe wadziwa algorithm, ndondomeko yomveka bwino yochitira chinthu, yokhala ndi poyambira ndi pothera.

Yalani makadi 15 a manambala, kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu, manambalawo ayang'ane pansi. Auzeni apeze 42. Ambiri adzatembenuza limodzilimodzi. Musawathandize msanga. Posakhalitsa wina adzatembenuza khadi lapakati, n'kusiya theka lomwe 42 sangakhalemo, n'kubwerezanso chimodzimodzi pa otsalawo. Sapitirira makadi 4. Imeneyo ndiye binary search. Kenaka afunseni za makadi 1,000. Yankho ndi 10 basi, ndipo pa makadi 1,000,000 ndi 20. Aziwerengere okha, chifukwa apa m'pamene amaona kuti njira yabwino imaposa makina othamanga.

Asanakhudze kompyuta, ajambule mizere itatu papepala: malire a m'munsi (malo a khadi loyamba mwa otsala), malire a kumtunda (malo a khadi lomaliza mwa otsala), ndi pakati. Alembe manambala atatuwa ulendo uliwonse akatembenuza khadi. Ntchitoyi amaiona ngati yachibwana, koma ndi imene imagwira zolakwa. Nachi chofala kwambiri: wophunzira amasunthira malire a m'munsi pa khadi lapakati penipeni, m'malo mwa khadi lotsatira. Tinene kuti malire ali pa 3 ndi 4. Pakati pamatuluka 3 (ndi 3.5, koma theka limatayidwa), malire a m'munsi amabwereranso pa 3, ndipo pulogalamu imangozungulira osatha. Papepala adzaona manambala omwewo akubwerezeka.

China n'chakuti Python imayamba kuwerenga pa 0, choncho khadi lomaliza mwa 15 lili pa 14. Wolemba 15 amalandira IndexError, uthenga wonena kuti malo amenewo palibe.

Musamapereke malikisi chifukwa choti pulogalamu yayenda kamodzi. Aiyese ndi mndandanda wopanda kanthu, wa nambala imodzi, ndiponso nambala yomwe mulibemo.

Funso: Ndafunsa Python ngati 0.1 + 0.2 ikufanana ndi 0.3, yandiyankha kuti False. Kompyuta yanga yawonongeka? — Wophunzira

Yankho: Ayi, ili bwinobwino. Kompyuta imasunga manambala pogwiritsa ntchito 0 ndi 1, ndipo 0.1 salembeka ndendende mwa njira imeneyi, monga momwe 1 kugawa ndi 3 imatulukira 0.333 osafika pothera. Ndiye yankho lomwe yasunga ndi 0.30000000000000004. Poyerekeza manambala otere gwiritsani ntchito math.isclose, yomwe imaona ngati awiriwo ayandikana mokwanira.