Mafunso a Owerenga: Chichewa Chikachoka Pakamwa N'kulowa mu Foni

Funso: Chibwenzi changa chili ku Johannesburg, ndipo titakangana chinandilembera pa WhatsApp kuti, "Ndimakukonda kwambiri." Ine ndinasangalala, koma mnzanga akuti mawuwa akutanthauza kuti chikondicho chinali chakale. Wolondola ndani?

Nonse awiri mwawerenga bwino, chifukwa mawuwo akalembedwa amalola matanthauzo onse awiri. Chichewa ndi chiyankhulo chomwe kukweza kapena kutsitsa liwu pa phatikizo kumasintha tanthauzo. Munthu akamanena za zimene amachita masiku onse, liwu limakwera pa "ndi" woyambayo. Koma akamanena za zimene zinkachitika m'mbuyomu, "ndi" amatsika ndipo liwu limakwera atadutsa "ma". Khutu la mwini chiyankhulo silisokonezeka pamenepa, ngakhale la mwana wa zaka zisanu. Diso ndiye limasowa pogwira, popeza malamulo a kalembedwe amene bungwe la Chichewa Board linatulutsa mu 1973, n'kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990, sanaike zizindikiro zosonyeza kakwezedwe ka liwu.

Nthawi zambiri kusowa kwa zizindikirozi sikuvutitsa, chifukwa mawu oyandikana nawo amatiunikira. Tikawerenga kuti "shuga wakwera mtengo" palibe amene amaganiza za nthambi ndi masamba, ndipo "mwana wakwera mtengo" satikumbutsa za kumsika, ngakhale kuti "mtengo" wa m'ziganizo ziwirizi amatchulidwa mosiyana. N'chimodzimodzinso ndi "khungu" la pathupi ndi "khungu" la kusaona. Vuto la uthenga wa pa foni ndi kufupika kwake: mawu awiri okha, olembedwa mkangano usanazizire, alibe anzawo owaikira umboni, choncho wowerenga amadzaza mpatawo ndi zimene zili kale mumtima mwake. Inu munali ndi chiyembekezo ndipo munamva lonjezo, pamene mnzanuyo anali ndi chikayiko n'kumva kutsanzikana.

Chiyankhulo chathu chili ndi njira yotsekera mpata umenewu, ndipo ndimadabwa kuti olemba ambiri saigwiritsa ntchito. Wofuna kunena zakale alembe "ndinkakukonda", pakuti "-nka-" sasocheretsa munthu; wofuna kutsimikiza kuti zinthu zikadali momwemo awonjezere "-be" n'kulemba "ndimakukondabe". Kwa inuyo, mayi, langizo langa ndi lakuti mumupemphe mwini wakeyo anene mawuwo pa voice note, ndipo khutu lanu lidzagamula mlanduwu.

Funso: Andilowetsa m'gulu la pa WhatsApp la abale a mkazi wanga, momwe mulinso apongozi. Tsiku lina ndinawayankha kuti "zkm" ndipo mkazi wanga anandidzudzula. Ndinalakwa chiyani, popeza ndinathokoza?

Munathokozadi, bambo, koma munathokoza ngati munthu amene akupereka chinthu kwa wamkulu ndi dzanja limodzi ali chiimire. Kumudzi, mkamwini akakumana ndi apongozi ake ulemu wambiri umaonekera m'thupi: amapatuka panjira, amanyonyomala chapatali, amawomba m'manja ndipo amatsitsa mawu. Pa foni zonsezi palibe, motero katundu yense wa ulemu amasenzedwa ndi zilembo zokha. Kudula "zikomo" kukhala zilembo zitatu kumauza wolandirayo kuti simunafune kumutayira nthawi.

Sindikunena kuti "zkm", "bho" kapena "kkkk" ndi zoipa. Pakati pa anzanu a msinkhu umodzi zimagwira ntchito yake ndipo zimasonyeza kuti mwazolowerana. Koma kwa apongozi yambani ndi moni wathunthu, "Mwadzuka bwanji, amayi?" kapena "Mwaswera bwanji?", ndipo mudikire yankho musanalowe m'nkhani imene mwadzera. Dzina kapena mfunda uzikhala ndi "a" wa ulemu patsogolo, monga a Phiri kapena a Nabanda. Mukamapempha, musaiwale kachidutswa kakang'ono ka "-ko", chifukwa "Nditumizireni nambala ya amalume" ndi lamulo lovala jekete, pamene "Munditumizireko nambala ya amalume" ndi pempho lenileni.

Funso: Mauthenga ambiri amene amazungulira m'magulu amayamba ndi mawu oti "akuti". Kodi mawuwa amasiyana bwanji ndi "wati" kapena "lati"?

Kusiyana kwake kuli pa chilembo choyamba. Mu Chichewa mneni amanyamula chizindikiro cha mwininkhani, kotero tikalemba kuti "boma lati" kapena "unduna wati", "la-" ndi "wa-" akuloza kwa wina wodziwika amene tingathe kumufunsa ngati ananenadi zimenezo. "A-" wa mu "akuti" ndi wotakasuka kwambiri: akhoza kuimira anthu ambiri, akhoza kuimira munthu mmodzi wolemekezeka, ndiponso akhoza kusaimira aliyense. Uthenga woti "Akuti mafuta akwera mawa" umamveka ngati wachokera kwa akuluakulu odziwa zinthu, pamene mwina wachokera kwa munthu amene anamva kondakitala akucheza mu minibasi.

Pocheza pamaso, "akuti" wotereyu sakhalitsa, chifukwa womvera amafunsa pomwepo kuti, "Akutero ndani?" ndipo wonenayo amayenera kutchula gwero kapena kuvomera kuti ndi mphekesera chabe. Pa foni funsolo limasowa wolifunsa, popeza wotumiza sindiye analemba, ndipo amene anamutumizirayo nayenso anangolandira. Kuyambira mu 2018 WhatsApp imaika kachizindikiro kosonyeza kuti uthenga wangopatsiridwa kuchokera kwina, koma kachizindikiroko sikanena kuti unayambira kwa yani. Tinaziona bwino mu 2020, matenda a Covid-19 atafika m'dziko muno, pamene mankhwala osiyanasiyana ongopeka ankayenda m'magulu a mabanja ndi a mipingo atakwera pamsana pa "akuti".

Pali china chimene ndimachiona kawirikawiri: uthenga ukadutsa m'manja angapo, wina amaulembanso m'mawu ake n'kuchotsa "akuti" uja, ndipo "Akuti mafuta akwera mawa" amasanduka "Mafuta akwera mawa, guliranitu." Chikayiko chochepa chimene chinatsalira chija chimathera pamenepo. Ngati mukufuna kupatsira ena nkhani imene simunaitsimikize, lembani kuti "Ndamva mphekesera yoti" kapena "Sindinatsimikize, koma ndalandira uthenga woti", ndipo ngati gwero mukulidziwa, litchuleni ndi mneni wogwirizana nalo, monga "wailesi yalengeza kuti" kapena "amfumu anena pamaliro kuti".