Mafunso a Owerenga: Mitengo imene amuna anga anasiya yayoyola masamba

Funso: Amuna anga anatisiya mu Febuluwale, chimanga chikumasula ngayaye. Kuseri kwa nyumba yathu kuno ku Domue anasiya mitengo iwiri ya mapichesi imene anadzala okha, ndiponso mlombwa umodzi umene anakana kuudula pamene tinkamanga nyumbayi. Zaka zonsezi sindinkailabadira chifukwa ankaisamalira ndi iwo. Mu Julayi muno yonse yayoyola masamba, ndipo alamu anga akuti chaka chino yaumiratu, tiidule tipezepo nkhuni. Koma ine m'mawa uliwonse ndikamaothera dzuwa pakhonde ndimangoiyang'ana, mtima n'kukhala pansi. Kodi yafadi? Nanga ndi zachilendo kuti munthu azitonthozedwa ndi mitengo yopanda masamba?

Mayi wa ku Domue, Angónia

Yankho: Pepani kwambiri mayi ndi zovuta zimene zinakugwerani. Tisanafike pa za mumtima, ndikupemphani kuti nkhwangwa iyambe yakhala pamene ili. Mawa m'mawa mupite pa mtengo uliwonse, musankhe kanthambi kakang'ono ndipo mukande khungwa lake ndi chikhadabo. Mukaona kuti mkati muli mobiriwira komanso monyowa, dziwani kuti mtengowo uli moyo. Kanthambi kouma kamathyoka kuti phwa, pamene kamoyo kamapindika. Mlombwa wokha umadziyankhira, pakuti ukautema pang'ono umatulutsa utomoni wofiira ngati magazi, ngakhale kuti sindikufuna kuti muuvulaze pofuna umboni. Aitaneni alamu anuwo adzaone ndi maso awo, mwaulemu, chifukwa n'kutheka kuti iwo akungoganizira za kuzizira ndi kusowa kwa nkhuni, alibe choipa mumtima.

Mitengo yanuyo yayoyola masamba pa zifukwa ziwiri zosiyana. Mlombwa ndi mtengo wa kwathu konkuno, ndipo chimene umathawa kwenikweni ndi ludzu. Mvula ikatha mu Epulo nthaka imayamba kuuma, ndipo popeza mtengo umataya madzi ambiri kudzera m'masamba, umayamba wabweza chakudya chimene chinali m'masambamo n'kuchisunga m'thunthu ndi m'mizu, kenaka n'kuwasiya kuti agwe. Mukauyang'anitsitsa tsopano muona kuti suli wamaliseche konse: pa nthambi zake pakulendewera zipatso zouma zozungulira ngati timbale, zokhala ndi timinga pakati, zimene zimagwedezeka mphepo ya m'mawa ikamaomba. Dzuwa likayamba kutentha, mvula isanagwe n'komwe, udzachita maluwa achikasu onunkhira.

Pichesi nkhani yake ndi ina, ndipo ndi imene imandikhudza kwambiri. Mtengo umenewu kwawo ndi ku China, ndipo sungabereke bwino ngati sunagone m'nyengo yozizira. Masamba ake ndi maluwa ake a nyengo ikubwerayi ali kale m'timfundo ting'onoting'ono timene mukationa pa nthambi mukayandikira, koma timfundoto sititseguka mpaka titalandira kuzizira kokwanira. N'chifukwa chake mapichesi amachita bwino ku Angónia ndi ku Tsangano, kumene malo ake ndi okwera mamita opitirira 1,000, ndipo simungawapeze akubereka mumzinda wa Tete m'mbali mwa Zambezi, kumene kumatentha chaka chonse. Chisanu chomwecho chimene chimakung'ambani milomo ndi zidendene mu Juni ndi Julayi, chimene chimachititsa ana kupita kusukulu atapinda manja m'khwapa, ndicho chikukonzera maluwa mitengo ya amuna anu. Pakangopita milungu yochepa mudzadzuka n'kupeza nthambi zouma zija zadzaza maluwa ofiirira, tsamba lisanatuluke ndi limodzi lomwe, njuchi zili ng'waa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ino ndiyonso nthawi yabwino yosadza mapichesiwo, kuchotsa nthambi zimene zafadi ndi zimene zikupingasana, ndipo zimenezo alamu anu akhoza kutenga ngati nkhuni. Muunjike mapesi kapena udzu patsinde kuti chinyontho chisathe, koma mulambule mozungulira kuti moto wolusa wa mu Ogasiti usadzafike pamenepo.

Tsopano ku funso lanu lachiwiri. Ayi mayi, si zachilendo, ndipo musachite nazo manyazi. Ife anthu timavutika kukhala pafupi ndi wofedwa: timalankhula kwambiri, timamuuza kuti alimbe mtima, mwina timafuna kuti aseke msanga kuti ifenso timasuke. Mtengo woyoyola masamba sukuuzani chilichonse cha zimenezo. Waima pamalo pake, wataya zimene unali nazo, sukubisa kuti wataya, koma sunagwe. Ndikhulupirira kuti chimene mtima wanu wazindikira pakhondepo ndi chimenecho, kuti chinthu chikhoza kuoneka chopanda kanthu kunja chikadali ndi moyo mkati, ndiponso kuti pali nyengo imene ntchito yake ndi kungopirira basi. Komanso masamba akachoka m'pamene maonekedwe enieni a mtengo amaoneka, nthambi iliyonse ndi mphanda iliyonse, ndipo pa mapichesi anuwo muona zipsera za pamene amuna anu ankadulira ndi mpeni wawo zaka zapitazo. Ntchito ya manja awo ikuoneka bwino tsopano kuposa mmene ingaonekere m'dzinja.

Makolo athu ankazidziwa zimenezi. Mukamayenda m'midzi ya Achewa, kuyambira ku Macanga mpaka kumalire a Dedza, ngakhale kumene mitengo inatha ndi makala ndi minda, mukaona kankhalango kowirira katatsala pakati pa minda mumadziwiratu kuti pamenepo ndi pamanda, chifukwa palibe amene amadula mtengo wa pamenepo mwachisawawa. Anthu athu akhala akusungitsa okondedwa awo kwa mitengo kuyambira kale.

Ineyo ndimakonda ulendo wochokera ku Ulongué kutsikira ku Moatize m'miyezi imeneyi. Kumtunda mumasiya nkhungu ndi utsi wa m'makhitchini, ndipo mukamatsika mumayamba kuona milambe itaima mbuu, nthambi zake zili ngati mizu yoloza kumwamba, malambe akulendewera. Mlendo angaganize kuti inafa kalekale, chonsecho thunthu lake ladzaza madzi, ndipo ina mwa mitengo ya mtundu umenewu imakhala zaka zoposa 1,000. M'mbali mwa msewu amayi amakhala atayala masau, amene amapsa nthawi yomwe ino pamene tchire lonse lili lotuwa. Ndiye pali msangu, umene umachita zosiyana ndi anzake onse: umabiriwira m'chilimwe n'kupatsa ng'ombe mthunzi ndi nyemba zake, kenaka mvula ikayamba umayoyola masamba, amene amasanduka manyowa a chimanga chodzalidwa pansi pake. Ngati mtima ukadzafuna kuti inunso mudzalepo mtengo wanu pafupi ndi ya amuna anu, kumapeto kwa munda kumene uli ndi malo okulira, ndingakonde mutadzala msangu mvula ikagwa mu Disembala.

Pakali pano pitirizani kukhala pakhondepo m'mawa, mufunde nsalu yanu bwino, ndipo mapichesiwo akachita maluwa mutilemberenso kalata mutiuze tsiku limene munaona duwa loyamba.