Achimwene a ku Lizulu, anzanu aja musawathawe

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wa ku Lizulu, ndipo dzina ndalibisa monga mwa pempho lake. Akuti adapita ku Joni atakwera thiraki ya katundu, kutulukira pa boda ya Dedza, kudutsa Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge. Kumeneko adagwirako maganyu a m'minda ya maluwa, adagonapo m'kontena, kenako adagwidwa chifukwa cha mapepala n'kubwezedwa kumudzi. Tsopano akakhala pa bawo n'kuyamba kusimba, anzake amangoti, "Wayambatu za ku Joni zija." Funso lake ndi lakuti, "Kodi ine ndi anzangawa tidasiyana basi? Ndileke kucheza nawo?"

Achimwene, kusiyana mwasiyanadi, sindikunamizani. Munthu wokulira kozizira ngati kwathu kuno, kumene mu June timadzuka titavala majuzi awiri, akaoloka Zambezi ku Tete atapanikizana ndi matumba, thukuta lili kamukamu, sabwera ali yemwe uja. Amabwera akudziwa mantha a munthu wopanda chiphaso akaona galimoto ya apolisi ikukhota. Anzanu amene sadachokeko sangamve zimenezo m'thupi mwawo, ngakhale mutafotokoza mpaka dzuwa kulowa.

Koma sindinu woyamba. Funsani m'mudzi mwanu momwemo, simulephera kupeza agogo amene adapita ku Wenela. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Mu April 1974 ndege yonyamula anthu obwerera kwawo idagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi oposa 70 adafera pomwepo. Kamuzu adaletsa ulendowo nthawi yomweyo. Udayambiranso mu 1977, dzina lili Theba, mpaka kuthera mu 1988. Azibambo amenewo ankabwera ndi njinga, wailesi, chikhothi chachikulu ndi Chifanakalo, chilankhulo cha ku migodi, m'kamwa, ndipo nawonso ankanenedwa kuti ndi odzimva. Ena adangokhala chete mpaka kumanda, chifuwa chikuwadya, osauzako ngakhale ana awo zimene ankaona pansi pa nthaka. Amenewo ndiwo amandimvetsa chisoni kuposa amatama aja. Ngati alipo wina wamoyo pafupi nanu, mugulireni shuga mukacheze naye. Iyeyo sadzakusekani.

Tsopano ndikufunseni mafunso amene mwina simuwakonda. Chibwerereni, mudawafunsapo anzanuwo zimene iwo adaona inu kulibe? Nanga makolo awo?

Lizulu si malo wamba. Msewu wa M1 pamenepo ndiwo malire: mbali ino Malawi, tsidya linalo Mozambique, ndipo munthu amagula kabichi m'dziko lina n'kukaphikira m'dziko lina popanda womufunsa pasipoti. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo isanathe mu 1992, dziko lino lidasunga anthu othawa kwawo oposa 1 miliyoni, ndipo Dedza ndi Ntcheu adali mwa maboma amene adalandira ambiri. Alipo amayi amene lero akugulitsa tomato ndi kachewere m'mbali mwa msewumo amene adagonapo akumva mfuti kutsidya, amene adagawana dimba ndi mabanja obwera usiku mwana ali kumsana, mbuzi ili pa chingwe. Nkhani zimenezo sazisimba pa bawo. Sikuti n'zazing'ono, koma kuti palibe amene amawafunsa. Mnzanu amene mukumuona ngati sadziwa dziko uja mwina adaika m'manda bambo ake inu muli ku Johannesburg, n'kulera abale ake ndi phindu la dimba la anyezi. Mukamayamba nkhani iliyonse ndi "kuja ku Joni", iye amamva ngati mukunena kuti zaka zake zonsezo sizidali kanthu. Kuseka kuja nthawi zambiri kumachokera pamenepo, osati pa nsanje ayi.

Chinanso ndi mbali ya nkhani imene mumasankha. Tikabwera kuulendo timakonda kusimba za nyumba zosanja ndi misewu yodutsana m'mwamba. Zimenezo anzanu adaziona kale pa foni. Chimene alibe ndi chija mwandilembera ine: kuti ndalama ya transipoti mudakongola kwa amalume ndipo simudamalize kubweza, kuti mudasinthana nsapato ndi buledi, kuti usiku woyamba m'chitokosi mudalira. Pa bawo pomwepo pali mnyamata amene akusunga ndalama mwakachetechete kuti nayenso anyamuke. Mukamuuza zoona za mapepala, za anthu olonjeza ntchito pa WhatsApp, za masiku 30 amene munthu amadindiridwa pa boda ndi zimene zimachitika akatha, adzakufunani yekha madzulo, popanda gulu.

Ndiponso musaganize kuti zachilendo zili kutali kokha. Ine zimandidabwitsa kuti anthu ambiri obadwira ku Dedza sadakwerepo phiri la Dedza, lotalika pafupifupi mamita 2,200, pomwe amaliona tsiku ndi tsiku. Ku Chongoni kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, ndipo UNESCO idawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira adajambula Akafula kalekale, zoyera ndi za Achewa, zokhudza chinamwali ndi gule. Azungu amalipira ndege kudzaona zimenezo, ife timangodutsa pa minibasi tikuwodzera. Tenganani anzanu awiri kapena atatu Loweruka lina, musonkherane ya transipoti, mukapeze wokuperekezani ku Mphunzi kapena ku Namzeze, kumene kuli zina mwa zojambulazo. Mukamabwerako miyendo ikuwawa, mudzakhala ndi nkhani imene nonse mudaliko, ndipo wina akayamba kuikometsera mudzamutsutsa limodzi.

Za ku Joni zija musazitaye. Zilembeni m'kope zidakali m'mutu, mayina a malo, mitengo ya zinthu, ndi amene adakupatsani madzi panjira. Mukafuna, nditumizireni tsamba limodzi kapena awiri, ndidzaika pano popanda dzina lanu.