Fern wa m'nyumba akuuma: Urea musiyireni chimanga

Mayi wina wa ku Lilongwe wafunsa kuti: "Ndinagula duwa la fern la masamba aatali olendewera, ndinaliika pawindo la pabalaza. Masamba akusanduka achikasu, nsonga zake zikuuma. Ndimathirira tsiku lililonse, ndinathiranso supuni ya Urea koma likungoipiraipira. Kunsi kwa masamba kuli timadontho tofiirira. Ndipopere mankhwala anji?"

Mayi, mankhwalawo ayambe adikira. Supuni ya Urea mu mphika wa maluwa? Amene anakuuzani zimenezi anakulakwirani. Mizu ya fern ndi yopyapyala kwambiri, ndipo feteleza wochuluka chonchi m'dothi lochepa amaiwotcha. Mizu ikapsa siyamwanso madzi, n'chifukwa chake nsonga zikuuma ngakhale mukuthirira tsiku ndi tsiku. Kuthirira kwa tsiku ndi tsikuko nakonso n'kulakwa, makamaka ngati pansi pa mphikawo pali mbale yomwe madzi amakhalamo. Mizu imawola.

Momwe mwafotokozeramu, wanuyo ndi Boston fern, dzina lake la sayansi Nephrolepis exaltata. Kwawo ndi kumadera otentha ndi achinyontho a ku America, komwe amamera pamthunzi. Amene anakwerapo phiri la Zomba kapena la Mulanje anaona komwe abale ake amakonda: pansi pa mitengo, m'mphepete mwa timitsinje, pamene dothi ndi la masamba owola. Windo lanulo ndikuganiza kuti layang'ana kumadzulo. Dzuwa la masana la mu October likadutsa pagalasi silimusiya. Chaka ndi chaka nyengo imeneyi ikafika, madandaulo a fern amakhala omwewa.

Lero lomwe tulutsani mphikawo panja pamthunzi. Thirani madzi pang'onopang'ono, okwana kudzaza mphikawo katatu, azitulukira pansi kuti akokolole fetelezayo. Ngati mphika ulibe mabowo, boolani anayi kapena asanu. Masamba onse ouma dulani ndi sizasi m'munsi mwenimweni, koma musakhudze pakati pomwe pamatuluka timasamba topiringizika.

Dothi likamanunkha kapena likakhala lamatope, lisintheni. Sakanizani magawo awiri a masamba owolerana bwino, gawo limodzi la mchenga wa kumtsinje, ndi gawo limodzi la dothi lakuda la pamwamba. Masamba owolawo ndiwo mankhwala enieni a fern, ndipo sagulidwa: kumbani pansi pa mtengo wa mango kapena pa dzenje la kompositi. Musatenge dothi la pachulu, limauma gwa. Mizu yakuda yofewa duleni, yolimba isiyeni. Pobzala musakwirire mutu wake (pakati pomwe pamatuluka masamba paja), ukhale pamene unalili kale. Mphika watsopano ukule pang'ono chabe kuposa wakale, masentimita atatu kapena asanu, chifukwa dothi lambiri limasunga madzi omwe mizu singathe kumwa.

Mukamubwezera m'nyumba, muikeni pawindo la kum'mawa kapena mita imodzi kapena awiri kuchokera pawindo lowala. Asakhale pafupi ndi mbaula, fani kapena pamwamba pa TV.

Pothirira, pisani chala masentimita awiri m'dothi. Mukamva kuti payamba kuuma, thirani mpaka madzi atuluke pansi, kenako tayani a m'mbale. M'chilimwe zimenezi zingachitike masiku awiri kapena atatu aliwonse, koma mu June ndi July mwina kamodzi pa sabata. Madzi a mvula ndi abwino koposa. Kumene madzi a pamjigo ali amchere, monga madera ena a Chikwawa ndi Nsanje, nsonga zimauma ngakhale musathire feteleza. Mpweya wouma nawonso umayoyola timasamba. Kuti pakhale chinyontho, dzazani timiyala m'mbale, thirani madzi osafika pamwamba pa timiyalato, mphika ukhale pamwamba. Ena amapopera madzi pamasamba, koma madziwo amauma msanga, phindu lake n'lochepa.

Tsopano timadontho tija. Tiyang'aneni bwino. Ngati tandandalikana m'mizere iwiri yooneka bwino kunsi kwa katsamba, si matenda. Fern sachita maluwa kapena njere, amaberekana ndi fumbi lomwe limakhala m'timadontho timeneti. Koma ngati tamwazikana mpaka pa timitengo, tikumatuka mukakanda ndi chikhadabo, masamba akumata ndipo nyerere zikukwera, ndi tizilombo toyamwa madzi a m'zomera. Sungunulani supuni yaing'ono imodzi ya sopo wamadzi mu lita imodzi, yesani pa tsamba limodzi, ndipo likapanda kupsa pofika mawa pukutani onse. Bwerezani pakatha sabata. Mankhwala a m'munda a mbozi amawotcha masamba a fern, komanso si opopera pabalaza pomwe ana amasewera.

Kwa miyezi iwiri musam'patse chakudya chilichonse. Masamba atsopano akatuluka, viikani kompositi m'madzi, sefani, gawo limodzi mulisungunule ndi magawo khumi a madzi, muzithira kamodzi pa mwezi kuyambira November mpaka March. Nyengo yozizira musamathire.