Za kugwetsa mashopu ndi nyumba za lendi kuseri kwa msika

Achemwali, mwafunsa kuti khonsolo ikagwetsa mashopu akale pa trading yanu ndi tinyumba ta lendi takuseri kwa msika kuti pamangidwe zamakono, kodi ili ndi udindo okupezerani pokhala? Ndikuuzeni chilungamo ngakhale chiwawe, chipukuta misozi chimapita kwa mwini malo ndi mwini nyumba. Inu olo mwalipira lendi zaka khumi osaphonya mwezi, akamabwera ndi matepi awo kudzayeza amalemba dzina la alandilodi basi, inu amangokuuzani tsiku lotulutsa katundu.

Ine zinandionekerapo ku Nchalo. Alandilodi athu anagulitsa ploti kwa munthu ofuna kumanga mashopu, anatipatsa masabata awiri, nkuti ili nyengo yodula nzimbe anthu aganyu atadzadza tauni yonse, nyumba zikusowa ndipo paliponse ukafunsa akukweza mtengo, mapeto ake tinakapeza kachipinda kumunsi kufupi ndi dambo poti nkomwe kunali kotchipa. Januwale 2022 Cyclone Ana anatipeza konko, madzi mmawondo usiku, matilesi ndi thumba la chimanga zonse kupita. Nde apa mpomwe nkhani yakuno kuchigwa cha Shire imasiyana ndi ku Blantyre. Kuno malo okwera ndi ochepa ndipo ambiri ali mmbali mwa M1, omwewonso ndi amene abizinesi akuwafuna. Osauka akachotsedwa pamsika sapita kumtunda ayi, amatsikira kumadzi. Kenako boma lomwelo lidzabwera kuti samukani mmalo angozi, ngati mmene akhala akuwauzira anzathu aku Makhanga chiyambire madzi a 2015, Freddy wa 2023 nkudzabwerezanso.

Ena muma comment akuti pitani ku Malawi Housing Corporation. Eya bungwelo lilipo kuyambira 1964 koma nyumba zake zambiri zili mmizinda, mayi ogulitsa mlamba owamba kapena mnyamata wa kabaza ku Bangula angazione kuti?

Mashopu atsopano sindikuwakana, msika wamatope ndi zimbudzi zodzadza tonse tatopa nazo. Koma nthawi yolankhula ndi ino pulani isanadutse, bulldozer ikafika nkhani yatha. Kumanani alendi nonse mulembe maina, banja lili ndi anthu angati, mwakhalapo zaka zingati, mumadyera chani pamsikapo. Kalatayo ipite ku VDC ndi ADC (makomiti achitukuko a m'mudzi ndi a dera), ina kwa khansala wa wodi yanu poti ndi amene amakakhala pa full council, ina kwa a gulupu, ndipo iliyonse adinde chidindo inu musunge kope. Mupemphe zinthu zogwirika, maploti ang'onoang'ono pamalo osafika madzi komanso oyendeka wapansi kupita kumsika, mjigo ukhalepo anthu asanasamuke, notisi ya miyezi osati masabata, komanso mabenchi mumsika watsopano ayambe kupatsidwa omwe analipo kale. Zapakamwa musalole, ziwoneke mu ma minitsi a msonkhano.

Ndipo muwafunse ndalama yomangira ilipo kale kapena ndi zojambula chabe. Ife aku Nsanje tinaonapo, Okutobala 2010 a Bingu anatsegulira doko ndi chimwemwe chonse, lero pitani mukaone ngati pali sitima yomwe ikukocheza. Asagwetse nyumba yanu kuti pamere thengo.

Malisiti a lendi ngati muli nawo asungeni mu pulasitiki, ngati alandilodi salemba yambani mwezi uno kuwasainitsa mukabuku.