Ndinathira yureya thumba lonse koma mpunga wabwereranso chikasu

FUNSO: Zikomo akonzi, ine ndimalima mpunga wa Kilombero ku dambo. Chaka chino ndinawaza yureya thumba lonse patangotha masiku ochepa nditawokera, madzi ali tho mu ndime. Unabiriwira sabata ziwiri basi kenako masamba am'munsi ayambanso chikasu. Aneba akuti ndigule feteleza wa CAN akuti ndi wamphamvu. Nditani? Ndine mayi wa ku Nkhotakota.

YANKHO: Pepani mayi, thumba la feteleza masiku ano simasewera. Koma CAN yo musagule ayi. Theka la nayitrojeni (chakudya chobiriwitsa mbewu) wa mu CAN ndi wa mtundu uja woti dothi likamira m'madzi tizilombo ta m'nthaka timamusandutsa mpweya nkuuluka, ku chimanga amagwira inde koma ku mpunga wa m'madzi ndi kutaya ndalama. Yureya ali bwinobwino, ndi 46 peresenti, ndiye kuti mu thumba la 50 kg muli 23 kg ya nayitrojeni.

Pomwe pavuta ndi kathiridwe. Mbande zongowokera kumene mizu imakhala isanagwire, sizingamalize chakudya chonsecho nthawi imodzi, ndiye yureya amasungunuka m'madzi muja wina nkupita ndi madzi ku ndime za kumunsi, wina nkuuluka dzuwa likaswa mtengo. Chikasu choyambira masamba akale am'munsi chonchi ndi njala ya nayitrojeni ndithu.

Chaka chino mwayi ulipobe. Nthawi yomwe mpunga umafuna chakudya kwambiri ndi pomwe ngala ikuyamba kupangika m'kati mwa phesi, pafupifupi mwezi isanatuluke. Zulani phesi limodzi lalikulu, mulingambe ndi lezala kuchokera pansi, mukaona kanthu kakang'ono koyera kaubweyaubweya pamwamba pa mfundo yomaliza, nthawi yakwana. Palirani kaye, udzu usadye nawo. Chepetsani madzi patsale matope okhaokha kapena timadzi tochepa, tsekani potulukira ponse, wazani yureya mame atauma kuti asakakamire pa masamba, kenako mubwezeremo madzi patatha tsiku limodzi kapena awiri ndipo asatuluke kwa masiku angapo.

Koma chonde dzanja lisalemere. Kilombero ndi Faya ndi mbewu zazitali, mukazipyoletsa nayitrojeni zimangokula masamba, mphepo ikabwera zonse gwa m'madzi, matenda a masamba ndi a pakhosi pa ngala nawonso amakonda mpunga wonenepa chonchi. Mbewu zazifupi za m'masikimu ngati Pussa ndi zomwe zimalandira feteleza wambiri. Mulingo wa ndime yanuyo akuyezereni alangizi a m'dera lanu.

Chaka chamawa yambani ndi NPK powokera, mumukwirire m'matope, muli salufa ndi fosifolasi zomwe yureya alibe. Yureyayo mumugawe pawiri, wina patatha sabata ziwiri kapena zitatu mpunga ukuchita mphukira, wotsalayo pomwe ngala ikuyamba kupangika paja. Mapesi mukamenya mpunga musamawotche, nayitrojeni wake amathera mu utsi, akwirireni msanga awolerane mvula isanabwere.